Matenda a Teyo Amene Makina Sanawaone

Chizindikiro choyamba ndinachiona m'mwezi wa Febuluwale, mvula ili pakati. Tinali pa tebulo m'mawa, ndipo Teyo ananyamula kapu ya tiyi n'kuibwezera pansi osamwa. Dzanja lake linkanjenjemera moti tiyi anatayikira pa nsalu. Anapepesa mobwerezabwereza, n'kubisa dzanjalo pansi pa tebulo. Ine ndinangoti ndi malungo, chifukwa miyezi imeneyo udzudzu umachuluka kwathu ku Area 4.

Dzina lake lenileni ndi Taeho, koma lilime lathu linakana, ndiye tonse tinkangoti Teyo. Ndi mnyamata wa ku Korea, ndipo nthawi imeneyo anali asanakwanitse zaka makumi atatu. Kwawo ankaphunzira pa sukulu ya ubusa, ndipo mpingo wake unamutumiza kuti adzaphunzire chaka chimodzi pa koleji ina ya ubusa muno mu Lilongwe. A kolejiyo anapempha mabanja a akulu a mpingo kuti asunge ophunzira ochokera kunja. Amuna anga, a Gondwe, ndi mkulu wa mpingo, ndipo ana athu onse anali atachoka kale pakhomo, choncho tinavomera. Ine ndine kalaliki mu unduna wina ku Capital Hill. Sindine nesi, ndipo matenda amene ndikufotokoza pano ndinali ndisanawamvepo.

Anafika mu Seputembala ali wathanzi, wonenepa bwino, waulemu wopitirira. Popereka moni ankawerama. Ankatsuka yekha mbale yake ngakhale ndimuletse. Anaphunzira msanga kunena kuti "zikomo" ndi "ndakhuta, amayi," ndipo zina zonse tinkalankhulana m'Chingelezi, chimene kwa iye chinali cholemera. Mbandakucha uliwonse tinkamumva akupemphera m'chilankhulo chakwawo. Miyezi yoyambirira sitinaone chilichonse chodandaulitsa.

Pambuyo pa m'mawa wa tiyi uja zizindikiro zinayamba kuwonjezeka. Chakudya ankangochitosatosa. Maso ake ankakhala ofiira, zimene zinandiuza kuti sakugona. Nthawi zina ankaima pakhonde atagwira pachifuwa, akupuma ngati munthu amene wathamanga mtunda. Ndikamufunsa ankaseka n'kunena kuti watopa ndi mabuku.

Chakumayambiriro kwa Malichi abusa anamupempha kuti awerenge mawu pa mapemphero a Chingelezi. Anafika kutsogolo, anatsegula Baibulo, anawerenga mzere umodzi n'kuima. Nkhope yake inayera, thukuta linatsika ngati wathiridwa madzi, ndipo anagwira gome ndi manja onse awiri. Kenako anakhala pansi pomwepo pamaso pa mpingo wonse. Akulu a mpingo anamunyamula n'kupita naye panja. Ankabanika, mtima ukugunda moti ndinkaumva ndi dzanja pamwamba pa shati.

Tinathamangira naye ku chipatala china cholipira. Pofika kumeneko anali atayamba kale kupeza bwino. Anamuyeza malungo, sanawapeze. Shuga anali bwino. Magazi ankathamanga pang'ono, koma atamuyezanso patapita kanthawi anali atatsika. Adokotala anati mwina ndi kutentha ndi kusadya m'mawa, ndipo anamupatsa mankhwala opha ululu. Tinabwerera kunyumba.

Mwezi womwewo usanathe zinachitikanso, ulendo uno m'minibasi pa depoti ya ku Old Town. Mnzake wa ku koleji ndi amene anatiimbira foni. Tinaganiza zopita naye ku chipatala chachikulu kuti akamuone mtima. Tinafika m'mawa kwambiri koma tinapeza mabenchi atadzaza kale. Tinadikira kulembetsa, tinadikira kuyezedwa pa sikelo, tinadikira kuonana ndi adokotala. Kotenga magazi kunali mzere wina, kojambula chifuwa mzere winanso. Pa za makina oyeza mtima anatiuza kuti tibwerenso sabata yotsatira. Titabwerera anamumata tizingwe pachifuwa, pepala lalitali linatuluka, ndipo adokotala analiyang'ana n'kunena kuti mtima wake ndi wa munthu wathanzi. Zonse zinalembedwa m'buku lake la kuchipatala, ndipo tsamba lililonse linkanena chimodzimodzi: palibe vuto.

Apa ndi pamene kukayikirana kunalowa m'nyumba mwathu. Matenda akakhala opanda dzina, aliyense amawapatsa dzina lake.

Kumpingo anthu anayamba kunong'ona. Mayi wina amene ndimakhala naye pa benchi imodzi anandiuza kuti ena akufunsa kuti mlendo anabwera wonenepa, nanga kwa a Gondwe akumudyetsa chiyani. Ena ankati pali mabanja amene ankafuna kusunga mlendoyu poganiza kuti abwera ndi chuma, ndiye atalephera anapita kwina n'kukachita zawozawo. Ine ndinakulira kumudzi, cha ku Malingunde, ndipo nkhani zotere sindinazimve koyamba. Ndinayamba kuyang'anitsitsa aliyense amene ankandipatsa moni wautali. Munthu akabweretsa nthochi kapena mbatata kuti ndi za odwala, ndinkalandira ndi manja awiri, koma sindinkaziika pa tebulo. Khitchini ndinayamba kuikiya ndikamapita kuntchito.

A Gondwe za ufiti sankazimva, koma nawonso anali ndi maganizo awo. Ankati munthu wonjenjemera manja, wosagona, wosadya, ndiponso wodzitsekera m'chipinda, ndiye kuti pali chimene akumwa kapena kusuta. Tsiku lina Teyo ali ku koleji, a Gondwe analowa m'chipinda mwake n'kununkhiza paliponse. Anapeza mabuku, botolo la tsabola wofiira wopera, ndi timapaketi ta masamba ouma a m'nyanja otumizidwa ndi amayi ake. Atalephera pamenepo anayamba kuganiza kuti mwina mnyamatayu anathawa mlandu kwawo, ndipo mpingo wake unamubisa kuno.

Ine maganizo anga anali pa foni. Loweruka lililonse masana foni yake inkaitana, ndipo iye ankadzidzimuka ngati waponda moto. Ankapita kuseri kwa nyumba, pansi pa mtengo wa mapeyala, n'kumalankhula motsitsa mawu ataimirira nji, akuwerama pang'onopang'ono ngati munthuyo ali pamaso pake. Akamaliza sankadya tsiku lonse. Ndinkaganiza kuti ndi mkazi amene anamusiya kwawo, mwina ndi mimba, ndipo akumuopseza kuti aulula.

Chimene sitinadziwe n'chakuti nayenso ankatikayikira. Mu Epulo anasiya kudya nafe. Ankagula mabisiketi ndi madzi a m'botolo n'kumadyera m'chipinda. Pawindo anapachika nsalu yokhuthala ngakhale masana. Ndikalowa pabalaza iye akuwerenga, ankatseka buku n'kutembenuza foni. Tsiku lina ndikusita zovala anaima pakhomo n'kufunsa osandiyang'ana kumaso: "Amayi, a ku koleji mumawauza chiyani za ine?" Ndinayankha kuti sindinalankhulepo ndi aliyense wa ku koleji. Anagwedeza mutu mwaulemu, koma ndinaona kuti sanakhulupirire.

Funso lakelo linali ndi pochokera. Mphunzitsi woyang'anira ophunzira pa kolejiyo amapemphera mpingo umodzi ndi ife. Mapemphero akatha ankakonda kuima ndi a Gondwe pansi pa mtengo n'kufunsa kuti mlendo akupeza bwanji. Teyo ankawaona chapatali akulankhula, nthawi zina akuyang'ana komwe iye waima. M'mutu mwake zinalumikizana: ife tikuuza koleji, koleji ikuuza mpingo wa ku Korea, ndipo posachedwa aitanidwa kwawo mwamanyazi.

M'mwezi womwewo anayamba kusala kudya. Anati chimene chikumuvuta ndi kuchepa kwa chikhulupiriro, ndipo achithetsa ndi pemphero. Mayi wina wa m'dera mwathu anabwera kudzandiuza za mneneri amene amatulutsa ziwanda kuphiri, koma a Gondwe anakana. M'malo mwake tinaitana abusa athu, amene anabwera n'kupemphera naye mwachifundo. Abusa atapita, Teyo ananjenjemera kuposa kale. Kwa iye zinangotanthauza kuti munthu winanso wamkulu wadziwa. Thalauza lake linayamba kugwa m'chiuno, ndipo anaboola lamba malo ena atsopano.

Tsiku limene zinthu zinatembenuka linali Lachisanu la m'mwezi wa Meyi. Tinaweruka masana, ndipo ndinakwera basi ya kuntchito ngati masiku onse. Tikudutsa pa City Centre ndinaona munthu atakhala m'mphepete mwa ngalande, chikwama chili kumsana, mutu uli pakati pa mawondo. Ndinazindikira shati yake chifukwa ndinali nditaisita ndekha. Ndinapempha adalaivala kuti aime, ndipo ndinatsika anzanga akundiyang'ana pamawindo.

Milomo yake inali youma, zala za m'manja zitapindana moti sankatha kuziwongola. M'dzanja limodzi munali pasipoti. Pambuyo pake ndinamva kuti anachoka m'mawa kukagula tikiti ya ndege yobwerera kwawo. Atafika pakhomo la ofesi yogulitsa matikiti analephera kulowa, chifukwa kubwerera kunali kuvomereza kuti walephera. Kubwerera ku Area 4 nakonso sanathe. Anakhala pamenepo kuyambira m'mawa, anthu akumudutsa, ena akumuyesa woledzera. Atandiona anangoti, "Amayi, ndikufa. Musawauze bambo anga."

Ndinaimitsa takisi n'kupita naye ku chipatala chachikulu kuja. Anamugoneka pa bedi, anamuika diripi chifukwa thupi linali litauma, ndipo tinadikira. Amene anabwera kudzamuona ulendo uno anali adokotala achizimayi, achikulire ndithu. Anawerenga buku lake tsamba ndi tsamba osafulumira. Kenako anandipempha kuti ndidikire panja. Ndinakhala pa benchi nthawi yaitali, ndikuganiza kuti mwina apeza chinthu choopsa chimene anzawo anachiphonya, kapena kuti Teyo akuwauza kuti ine ndimamuthirira mankhwala m'chakudya.

Atandiitana anati wodwala wavomera kuti ndimve. Ndikukumbukira mawu awo chifukwa anandilankhula m'Chichewa chosavuta. "Mayi, mtima wa mwana wanuyu ulibe vuto, ndipo sakunama. Akamati akufa amamvadi ngati akufa. Amenewa ndi matenda a nkhawa. Thupi limachita ngati laona chilombo pamene chilombo palibe. Makina sawaona, koma ife timawadziwa, ndipo mankhwala ake alipo." Anawonjezera kuti kusala kudya kuime tsiku lomwelo. Anandiuzanso kuti atamufunsa ngati anaganizapo zodzichotsera moyo, anayankha kuti masiku ena amalakalaka atagona osadzukanso. Anati masabata oyambirira tisamusiye yekha nthawi yaitali, ndipo mankhwala ndizisunga ine. Anatilembera kuti Lolemba tikaonane ndi a ku chipinda cha matenda a maganizo.

Mawu akuti matenda a maganizo anandilemera. Kwathu ukatero anthu amamva kuti misala, ndipo amaganiza za munthu wotola zinyalala pamsika. A Gondwe atamva anafunsa ngati adokotalawo sanangofuna kutichotsa pamzere. Teyo mwiniwake anakana kupita. Anati dzina lake likalembedwa kumeneko, nkhani ikafika kwawo, ndipo palibe mpingo umene ungadzoze m'busa wodwala mutu. Loweruka ndi Lamlungu tinangokhalira kumunyengerera. Anavomera pokhapokha nditalonjeza kuti ndipita naye ndekha, ndipo sitidzera msewu wa ku koleji.

Lolemba ndinapempha tchuthi kuntchito. Teyo anavala chipewa ndi chophimba pakamwa kuti asadziwike, ngakhale kuti pa mabenchi onse wochokera kunja anali iye yekha. Chipindacho chinali chakumapeto kwa khonde lalitali. Anthu amene tinawapeza sanali monga ndinkaganizira. Panali mayi wobereka mwana, panali mtsikana wovala yunifolomu ya sekondale ali ndi bambo ake, panali agogo ena aamuna akuwerenga nyuzipepala. Pa benchi ya kutsogolo panali bambo wina wa taye amene ndimakwera naye basi ya kuntchito. Tinapatsana moni wa masiku onse, ndipo palibe anafunsa mnzake kuti wadzatani.

Tisanalowe kwa adokotala tinaonana ndi anamwino. Funso loyamba la Teyo silinali la mankhwala. Anafuna kudziwa kuti zolembedwazo amaziona ndani. Anamwinowo anatseka faelo n'kuika dzanja pamwamba pake. "Izi ndi zanu ndi ife. A koleji akabwera kudzafunsa tiwabweza. Abusa akabwera tiwabweza. Ngakhale amayi awa sitiwauza kanthu inu musanavomere." Anawafunsa kawiri, ndipo kawiri konse anayankha mofanana.

Anamupatsa piritsi limodzi lomwa m'mawa uliwonse, ndipo anamuuza kuti sabata iliyonse azikaonana ndi mlangizi. Anatichenjeza kuti mankhwalawa sagwira msanga, ndipo poyamba akhoza kumva nseru ndi chizungulire. Zinachitikadi choncho. Masabata oyambirira anali ovuta kuposa mmene ndinkayembekezera. Ankachita nseru, mutu unkamuwawa, ndipo mantha sanachepe. Anayamba kukayikira mankhwalawo. Ankafufuza dzina lake pa foni, n'kumanena kuti mwina amupatsa olakwika, kapena ofooketsa ubongo kuti asadzathenso kuwerenga. M'mawa uliwonse ndinkamupatsa piritsi ndi madzi, n'kuima pomwepo mpaka ameze. Masiku ena ankaliyang'ana nthawi yaitali, kenako n'kundiyang'ana ine.

Amene anathandiza kwambiri pa kukayikirana kuja anali a Gondwe. Madzulo ena anamukhazika pakhonde n'kumuuza zonse mosabisa: zimene mphunzitsi uja amafunsa, zimene iwo amayankha, ndiponso kuti analowapo m'chipinda mwake kukafufuza. Anamuuza kuti kuyambira tsiku limenelo, mphunzitsiyo akafuna kudziwa za iye, azimuitana kuti ayankhe yekha. Anachitadi zimenezo Lamlungu lotsatira. Kenako anayamba kuyenda naye akaweruka kuntchito, kutsetserekera ku mlatho wa mtsinje wa Lilongwe n'kubwerera dzuwa lisanalowe. Mlangizi anali atanena kuti kuyenda kumathandiza. Sindikudziwa kuti ankakambirana chiyani, chifukwa onse awiri si anthu olankhulalankhula.

Nkhani yake ndinaimva pang'onopang'ono pa mabenchi a kuchipatala, chifukwa kudikira kumamasula pakamwa. Foni ya Loweruka ija sinali ya mkazi. Anali bambo ake, amene ndi m'busa, ndipo anamupereka kwa Mulungu asanabadwe n'komwe. Sabata iliyonse ankafunsa kuti walalikira kangati, wabweretsa angati kwa Ambuye, ndipo mayeso akhoza bwanji. Kumpingo kwawo kunali amayi okalamba amene anasonkha kuti iye abwere kuno, ndipo ankadikira kumva zazikulu. Iye ankaopa kuwauza kuti m'kalasi theka la zimene aphunzitsi akunena limamudutsa, kuti usiku amamasulira mabuku liwu ndi liwu, ndiponso kuti mumsewu anthu amangomuitana kuti Mchaina ndipo alibe mnzake woseka naye m'chilankhulo chake.

Anandiuzanso kuti matendawa sanayambire kuno. Anayamba ali chaka choyamba pa sukulu ya ubusa kwawo. Kumeneko, iye anati, ophunzira amapikisana pa mayeso, amapikisana pa kupemphera, ndipo aliyense amadziwa kuti akamaliza mipingo yowalandira ndi yochepa. Mnzake wogona naye chipinda chimodzi ankabanika chimodzimodzi. Tsiku lina analongedza katundu n'kuchoka, ndipo anthu anangoti analibe maitanidwe. Anzake ena amene anapita kukaphunzira ku maiko ena ankamulembera kuti sakugona, koma palibe ankatchula zimenezi kwa aphunzitsi kapena kwa makolo. Iye ankaganiza kuti akachoka kwawo n'kupita kutali, matendawo atsala. Anakwera nawo ndege.

Cha m'katikati mwa Juni tinayamba kuona kusintha. Anabwerera pa tebulo. Nsalu ya pawindo anaichotsa yekha. Mlangizi anamuphunzitsa kupuma pang'onopang'ono akamva kuti zayamba, ndi kudziuza kuti zimenezi zinabwerapo kale ndipo zinapita. Tsiku lina zinamuyamba ali pamzere m'sitolo, ndipo anatuluka, anakhala pansi, anapuma monga anamuphunzitsira, n'kubwerera kukalipira. Anafika kunyumba akusimba ngati wapambana mpikisano. Poona zimenezi ndinamupatsa botolo la mankhwala kuti azisunga yekha.

Mu Julayi anawasiya osauza aliyense. Ankadziona kuti wachira, ndipo mumtima mwake munali mudakali maganizo akuti kupitiriza kumwa ndi kusakhulupirira kuti Mulungu wamuchiritsa. Patapita masabata angapo zinamugwira m'chipinda cholembera mayeso, pamaso pa anzake onse. Tinabwereranso pa khonde lalitali lija. Ndinkayembekezera kuti adokotala amukalipira, koma sanatero. Anangomufunsa kuti, "Kumpingo kwanu kuli odwala shuga? Akadzuka bwino m'mawa, mumawauza kuti ataye mankhwala posonyeza chikhulupiriro?" Teyo anati ayi. Adokotala anati, "Ndiye inunso musadziuze zimenezo. Tsiku losiya tidzagwirizana pano, ndipo tidzachepetsa pang'onopang'ono."

Pamenepa panalibenso chobisa ku koleji. Anapita yekha kwa mphunzitsi woyang'anira ophunzira n'kufotokoza. Anamulola kudzalemba mayesowo mtsogolo, choncho anakhala nafe kupitirira chaka chimodzi chija. Si onse anamumvetsa. Mphunzitsi wina ananena m'kalasi kuti mtumiki wa Mulungu sakhala wamantha, ndipo aliyense anadziwa amene akunenedwa. Ophunzira ena anayamba kumupewa. Koma chimene ankachiopa kwambiri, choti aitanidwa kwawo mwamanyazi, sichinachitike.

Chotsala chinali bambo ake. Mlangizi sanamukakamize, koma mu Ogasiti anasankha yekha kuwauza. Loweruka limenelo foni itaitana sanapite kuseri kwa nyumba. Anatipempha kuti tikhale naye pakhonde. Sitinkamva chilankhulocho, koma tinaona kuti analankhula nthawi yaitali osadulidwa. Anamaliza. Kenako foni inaduka. Mawa lake amayi ake anaimba akulira, ndipo anapempha kuti andipatse foni. Sitinamvane liwu ndi limodzi lomwe, koma tinakhala pa foniyo kanthawi. Bambo ake anakhala pafupifupi mwezi osaimba. Atayambiranso sanatchule za matendawo, ndipo ndikumva kuti mpaka lero amangowatcha kutopa. Koma mafunso a Loweruka aja anachepa.

Teyo analemba mayeso ake mu Novembala ndipo anakhoza, ngakhale sanakhoze mwapamwamba monga ankafunira. Mu Disembala tinamuperekeza ku bwalo la ndege ali ndi kalata ya adokotala yopita kwa dokotala wa kwawo, ndi mankhwala okwanira ulendo. Thupi lake linali litabwerera.

Panopa padutsa zaka ziwiri. Amatitumizira mauthenga pa foni, ena m'Chichewa chake chothyokathyoka. Sukulu ya ubusa anamaliza. Sanadzozedwebe, ndipo sakudziwa ngati mpingo waukulu udzamutenga. Akuthandiza achinyamata pa kampingo kena kakang'ono. Amaonanabe ndi dokotala, ndipo mankhwala anamuchepetsera. Kubanika kuja kumabwerabe mwa apo ndi apo, makamaka akayandikira kulalikira, koma amadziwa chochita ndipo sakuganizanso kuti akufa. Anzake ena a ku sukulu anawauza, ndipo akuti angapo anamuyankha kuti nawonso ndi momwemo.

Kumpingo kwathu alipo mpaka lero amene amati panali dzanja la munthu, ndipo pemphero ndilo linathyola. Sinditsutsana nawo pagulu. Ine ndimapemphera, ndipo ndinapempherera mnyamatayu tsiku lililonse. Koma ndinaona ndi maso anga kuti miyezi imene tinatha tikuyang'anana m'maso, tikukiya khitchini ndi kufufuza m'zipinda, ndi imene inamufikitsa m'mphepete mwa ngalande ija.

Teyo atangopita kumene, Lamlungu lina mapemphero atatha, bambo wina anandiimitsa kuseri kwa tchalitchi. Anali wophunzira wa chaka chomaliza pa koleji yomweyo, munthu wa banja lake, wochokera cha ku Dedza, amene anthu ankamutama kuti amalalikira mwamphamvu. Anayang'ana uku ndi uku, kenako anafunsa motsitsa mawu: "Amayi, kumene munkapita ndi Teyo kuja, amalandira ndi ife omwe?" Anati wakhala akubanika kuyambira chaka choyamba, ndipo ngakhale mkazi wake sanamuuze. Lolemba lotsatira ndinamuperekeza mpaka pakhomo.

N'chifukwa chake ndalemba izi, Teyo atandilola. Ngati muli ndi mwana, mlendo, mwamuna kapena m'busa amene akubanika, sakugona, akunjenjemera, ndipo kuchipatala akuti malungo palibe, mtima uli bwino, musayambe kufunsa kuti wamuchita ndani kapena akubisa chiyani. Bwererani kuchipatala, ndipo mukawauze adokotala zonse, za mantha ndi za maganizo zomwe. Funsani ngati si nkhawa. Akakupatsani mankhwala musasiye panjira, ndipo wodwala akanena zolakalaka kufa musadikire kuti kuche bwino. Ngati wodwalayo ndi inu, ndipo ntchito yanu ndi yotonthoza ena, dziwani kuti pa mabenchi aja palibe amene amafunsa udindo wa munthu. Pitani mukadali ndi mphamvu zoyenda nokha.